Phungu ndi wa yani?

Kuno ku Lizulu, anthu akamakamba za phungu, kaya ndi pamsika, kaya m'minibasi yopita ku Dedza, kaya pamaliro podikira kuti adzukulu amalize kukumba manda, mawu ake amakhala atatu. Ena amati "amathandiza". Ena amati "anatitaya". Ena, motsitsa mawu, amati "anagulidwa". Mukawamvetsera bwino mawu atatuwa, onse akuvomereza chinthu chimodzi, chakuti phungu ali ndi mwini wake. Munthu sangakutaye ngati sanali wako. Ndiye mwini wakeyo ndani? Ndi ife amene timaima pamzere kuyambira m'bandakucha kuti timuvotere? Ndi chipani chimene chinamubwereka chizindikiro ndi nsalu? Ndi mtsogoleri amene amagawa maunduna? Kapena ndi chikumbumtima cha phunguyo?

Funsoli ndikufuna kuliyendera podutsa m'moyo wa munthu mmodzi wa boma lathu lomwe lino la Ntcheu, malemu a Sam Mpasu. Sindinawasankhe kuti ndiwatamande, komanso sindinawasankhe kuti ndiwanyoze ali kumanda. Ndawasankha chifukwa ndi anthu ochepa m'dziko muno amene analowa zipinda zonse za lamulo ngati iwowa. Anatsekeredwa popanda mlandu, anakhala phungu, anakhala nduna, anakhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, kenako anaima pamaso pa woweruza.

A Mpasu anabadwa mu 1945, anaphunzira ku Chancellor College, nagwira ntchito m'boma, kuphatikizapo ku maofesi a ukazembe kunja kwa dziko lino. Mu 1975 anamangidwa chifukwa cha kabuku ka nthano kotchedwa Nobody's Friend, komwe apolisi a Special Branch anakawerenga ndi maso ena. Anawapititsa ku Mikuyu, kufupi ndi Zomba, komwe anakhala zaka ziwiri osaonana ndi woweruza aliyense. Nambala yawo ya ukaidi inali 3/75, ndipo ndi imene inadzakhala mutu wa buku lawo lina, Political Prisoner 3/75.

Tikamakamba za nthawi imeneyo timakonda kunena kuti kunalibe malamulo. Ayi ndithu, malamulo analipo, ndipo ndi omwewo ankapweteka anthu. Kutsekera munthu osamuzenga mlandu kunali kololedwa ndi lamulo. Kulanda katundu wa munthu amene boma lamuganizira zoipa kunali ndi lamulo lake la mu 1966. Makhothi a mafumu anapatsidwa mphamvu yoweruza milandu yakupha ndi youkira boma, woimbidwa mlandu ali wopanda loya. Upulezidenti wamuyaya wa Kamuzu unalembedwa m'malamulo aakulu a dziko. Ngakhale kutalika kwa siketi ya mayi kunali ndi lamulo lake la mu 1973. Zonsezi zinadutsa m'Nyumba ya Malamulo, yomwe nthawiyo inali ku Zomba komweko, ndipo aphungu ankayankha kuti inde. Mikuyu inamangidwa ndi njerwa, komanso inamangidwa ndi inde ameneyo.

Sindikuwaseka aphungu a nthawi imeneyo. Mantha awo sanali opeka. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa, David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Koma lamulo loipa silizindikira nkhope ya amene analiombera m'manja. A Albert Muwalo, mwana wa Ntcheu yemwe anali mlembi wamkulu wa MCP komanso nduna yoopedwa dziko lonse, anadzaweruzidwa ndi khothi la mafumu lomwelo, nanyongedwa mu 1977. Akuluakulu sananame, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'masiku amenewo funso langali linali ndi yankho lalifupi. Phungu anali wa Ngwazi basi, ndipo palibe amene ankanamizira zina.

Itachitika riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994, mkaidi nambala 3/75 uja analowa m'Nyumba ngati phungu wa Ntcheu Central wa chipani cha UDF. Anasankhidwanso kukhala nduna ya zamaphunziro pa nthawi yomwe sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana n'kukhamukira m'makalasi kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Malamulo aakulu atsopano anabwera ndi yankho latsopano. Gawo 12 likunena kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu, ndipo wolamula amangosungitsidwa. Pofuna kuti mawuwo asakhale a pakamwa chabe, olemba malamulowo anamanga phungu ndi zingwe ziwiri. Gawo 64 linapatsa anthu a m'dera mphamvu yochotsa phungu wawo teremu isanathe ngati wawakhumudwitsa. Gawo 65 linati phungu wochoka m'chipani chimene chinamulowetsa m'Nyumba n'kukalowa china choimiridwa m'Nyumbamo ataye mpando.

Taonani tsono zimene zinachitikira zingwe ziwirizi. Mu 1995, chaka chimodzi chokha chitadutsa, Nyumba inafafaniza gawo 64. Zifukwa zake sizinali zopusa zonse. Ankati olephera pachisankho azingoyendayenda m'midzi kutolera masiginecha, dziko lizingokhalira zisankho zachibwereza, ndalama zake kulibe. Zoona, chingwe chotere chikhoza kugwiritsidwa ntchito molakwika. Koma maiko ena anachiikira malire m'malo mochidula. Kenya inachilemba m'malamulo ake aakulu a mu 2010. Ku Britain lamulo la mu 2015 limalola kuchotsa phungu amene wapezeka wolakwa kukhothi kapena wayimitsidwa ndi Nyumba, ovota 10 mwa 100 aliwonse a m'dera lake akasayina. Kwathu kuno amene anamangidwa ndi chingwecho ndi omwe anaweruza kuti chidulidwe, ndipo kufikira lero sichinalumikizidwe.

Chingwe chachiwiri chija chinanenepa. Mu 2001, a Mpasu ali Sipikala, udindo umene anaugwira kuyambira 1999 mpaka 2003, Nyumba inakulitsa gawo 65 kuti phungu azitaya mpando ngakhale atangolowa bungwe lililonse lokhala ndi zolinga za ndale kunja kwa Nyumba. Chaka chomwecho inathetsanso Seneti, nyumba yachiwiri momwe mukadakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana, isanakumane n'kamodzi komwe. Zinatengera Khothi Lalikulu mu 2003, pamlandu umene linabweretsa bungwe la Public Affairs Committee, kuti mbali yowonjezera ija ichotsedwe.

Wina anena kuti gawo 65 limateteza ife ovota, poti ambiri timavotera chizindikiro osati munthu. Pali choonadi pamenepo. Koma tadzifunsani, amathamangira kwa Sipikala ndi kalata ndani? Ndi mayi wogulitsa kabichi m'mbali mwa M1? Ayi, ndi akuluakulu a zipani, ndipo amathamanga pokhapokha chipani chawo chikaluza anthu. Chikapindula, gawo lomwelo amalitcha losokoneza chitukuko. Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambirimbiri anamutsatira. Mu 2007 Khothi la Supreme linagamula kuti gawo 65 ndi lovomerezeka, mkangano wake unachedwetsa bajeti kwa miyezi, koma ooloka aja anamaliza teremu yawo ali pamipando.

Nkhani ya mbendera ndiye imandiseketsa n'kundimvetsa chisoni nthawi imodzi. Mu 2010 Nyumba inavomereza kusintha mbendera ya dziko, kuchotsa dzuwa lofiira lotuluka n'kuika dzuwa loyera lathunthu. Mu 2012, Bingu atamwalira, Joyce Banda atalowa, Nyumba inavomereza kubwezeretsa mbendera yakale. Pakatipa panalibe chisankho. Anali aphungu omwewo, osankhidwa mu 2009, okhala m'nyumba yomweyo. Anthu a m'madera mwawo sanasinthe maganizo pa dzuwa m'zaka ziwiri. Chinasintha ndi munthu wogona ku State House. Ndiye phungu wotere tinene kuti ndi wa yani?

Komabe si masiku onse amene Nyumba yathu inagwada. Pa 4 Julayi 2002, phungu wa AFORD, Khwauli Msiska, anabweretsa bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti, kuti a Bakili Muluzi athe kuimanso. Atsogoleri akuluakulu otsutsa boma monga a John Tembo ndi a Chakufwa Chihana anali kumbali ya biluyo. Kusintha malamulo aakulu kunkafuna mavoti 128 mwa aphungu 193. Ovomereza anapezeka 125, okana 59. Inagwa ndi mavoti atatu okha. Tsiku limenelo palibe phungu amene anamanga mlatho kapena kukumba mjigo. Palibe anagawa malata. Koma anthu 59 aja anapatsa mwana aliyense wa ku Lizulu, ngakhale ife amene tinali tisanayambe sukulu bwinobwino, dziko limene pulezidenti amatha kuchoka pampando. Funso langa n'lakuti, pakati pathu ndi angati angatchule mayina atatu mwa 59 aja? Koma phungu amene anagula bokosi la malume athu timamukumbukira mpaka mtundu wa galimoto yake.

Tiyeni tifike pa bokosipo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi phungu amadziwa mmene foni yake imalirira. Tambala asanalire yayamba kale. "Olemekezeka, tagwa m'mavuto kuno." Kukufunika bokosi, kukufunika galimoto yokatenga thupi ku Kamuzu Central kapena ku Queens, mwina mnyamata wafera ku Joni ndipo abale asonkha koma sizikukwana. Ikangotha imeneyo, wina akufuna fizi ya mwana amene wasankhidwira ku sekondale yogonera komweko. Kwaya ikufuna yunifomu, timu ya mpira ikufuna majezi, tchalitchi chasasuka denga. Akakana kamodzi, mbiri imayenda mofulumira kuposa basi, kuti bwana anayamba kunyada.

Ife amene tinapita kusukulu pang'ono timafulumira kunena kuti anthu akumudzi sadziwa ntchito ya phungu, akufunika kuphunzitsidwa. Ine mawu amenewo sindigwirizana nawo. Anthu si opusa. Mayi amene mwana wake wamwalira kuchipatala cha boma usiku akufuna galimoto lero, dzuwa lisanakwere. Lamulo labwino la zaumoyo limene lidzagwire ntchito zaka zisanu zikubwerazi silinyamula maliro. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kumene kulibe ambulansi yodalirika, kulibe inshuwalansi, kulibe penshoni ya mlimi, munthu wolandira malipiro ndiye amakhala inshuwalansi ya mudzi wonse. Zimenezi zimagwera mphunzitsi, namwino, ngakhale mnyamata amene wangoyamba ntchito mwezi watha. Nanga phungu angathawe bwanji? Ndipo chikhalidwe chathu chimati maliro n'kulirana. Phungu wodutsa pa siwa magalasi a galimoto ali otseka, ati poti iye ntchito yake ndi yopanga malamulo, ameneyo umunthu wamuchokera, ndipo sindingamuikire kumbuyo.

Koma tiyeni titsatire ndalama ya bokosi lija, tione kumene yachokera. Malipiro a phungu, ngakhale ndi ambiri poyerekeza ndi a mphunzitsi, sangaike maliro a dera lonse kwa zaka zisanu. Ndalama iyenera kuchokera kwina. Imachokera ku ngongole za kubanki, ku maalawansi a misonkhano ya kunyanja, ku makontirakiti a boma operekedwa kwa kampani ya mlamu, ku unduna, ku envulopu ya chipani cholamula tsiku la voti yovuta. Ndipo onse opereka zimenezi safuna kubwezeredwa ndalama. Amafuna chinthu chimodzi chokha chimene phungu ali nacho chomwe munthu wina aliyense alibe, ndicho inde wake m'Nyumba. Ndiye kuti bokosi limene talandira ku Lizulu kawirikawiri limakalipiridwa ku Lilongwe, ndipo mtengo wake ndi voti imene inali yathu. Tikamanong'onezana kuti anagulidwa, tizikumbukiranso kuti ena mwa amene anamutuma kumsikako ndife.

Palinso chinthu china chimene mwambo umenewu umachita mwakachetechete. Umasankhiratu anthu amene angaime. Mphunzitsi wopuma ntchito, wodziwa kuwerenga bajeti, wolimba mtima, amayang'ana m'thumba mwake n'kuona kuti sangakwanitse ngakhale mwezi umodzi wa kampeni. Amatsala ndi amene ali ndi malole ndi magolosale, kapena amene ali ndi munthu wolemera kumbuyo kwawo. Lamulo la zipani la mu 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti, koma aliyense amene anapitako ku msonkhano wa kampeni akudziwa kuti anthu sabalalika msanga nyimbo zikatha. Amadikira kaye.

Boma nalo linathandizira kusokoneza zinthu. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, poti chisankho chawo chinkangolephereka. M'mpata umenewo, mu 2006, munabadwa thumba la chitukuko cha m'madera, CDF, ndipo phungu anasanduka mfumu ya milatho, mijigo ndi midadada ya sukulu. Mu 2010 lamulo la maboma ang'ono linasinthidwa kuti aphungu azivota m'makhonsolo. Vuto lake ndi loonekeratu kwa aliyense amene anakhalapo mu banki m'khonde. Wosunga bokosi la ndalama sakhala yemweyo wowerengera ngati ndalama zakwana. Phungu ntchito yake ndi kufunsa boma mmene lawonongera ndalama. Akakhala kuti iyenso akusankha kontirakitala, adzadzifunsa yekha? Mu Meyi 2025 khothi loona za malamulo aakulu, pamlandu wa bungwe la makhonsolo la MALGA, linagamula kuti aphungu kuyendetsa thumbali ndi kuvota m'makhonsolo n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Aphungu ambiri sanakondwe, ndipo ndikuwamvetsa. Akudziwa kuti akabwera kumudzi tidzawafunsa funso limodzi lomwe lija, lakuti mwatimangira chiyani.

Nanga ntchito yeniyeni ndi iti? Ndi zitatu: kupanga ndi kukonza malamulo, kuvomereza kapena kukana bajeti, ndi kulondalonda boma kudzera m'mafunso kwa nduna ndi m'makomiti monga ija younika za ndalama za boma. Zimamveka zakutali, eti? Koma taganizirani mlimi wa kachewere wa m'mapiri muno. Kuti feteleza wotsika mtengo afike kwa anthu angati chaka chino, zili mu bajeti. Msonkho umene amalipira pogula sopo, mafuta ndi malata uli m'lamulo. Kuti munda umene anasiya agogo ake ungalembetsedwe bwanji, ndipo mkangano wa malire ukaweruzidwe kuti, zili m'malamulo a malo a mu 2016. Kuti mwana wake wamkazi asakwatiwe asanakwane zaka 18, zinachokera ku lamulo la maukwati la mu 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu mu 2017, komwe kunatseka mpata woti makolo azivomereza ukwati wa mwana wa zaka 15. Kuti iye kapena mtolankhani athe kupita kukhonsolo kukafunsa mapepala a mlatho umene unagwa mvula yoyamba, ndi lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, lomwe Nyumba inavomereza mu 2016 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2020.

Apa ndi pamene ndikuona kusiyana kwa mphatso ndi lamulo, ndipo kwa ine ndi nkhani ya chilungamo osati ya ndale chabe. Mphatso imasankha. Imapita kwa amene ali ndi nambala ya foni ya bwana, kwa wachibale wa tcheyamani wa chipani, kumudzi umene unavota bwino. Gogo wokhala kuseri kwa phiri, amene sadziwa munthu aliyense wodziwika, maliro ake amaikidwa mumphasa phungu osamva n'komwe. Lamulo likakhala labwino limafika kwa gogo ameneyo osafunsa kuti anavotera ndani. Ndiponso mphatso umailandira utagwada, n'kuthokoza, n'kutsala ndi ngongole ya mumtima imene idzakumbutsidwa tsiku la chisankho. Mankhwala amene wawapeza kuchipatala chifukwa bajeti inayenda bwino sugwadira munthu aliyense.

Tsono ngati phungu sayenera kukhala wa chipani kapena wa State House, ndiye akhale wathu kotheratu, azingonena zimene tamutuma? Apanso ndikukayika. Mu 1774 Edmund Burke, atasankhidwa kukhala phungu wa mzinda wa Bristol ku England, anauza omuvotera kuti adzawamvera ndi kuwalemekeza, koma sadzapereka nzeru zake ndi chikumbumtima chake nsembe pofuna kuwasangalatsa, chifukwa kutero kukanakhala kuwapereka iwo omwe. Anthu a ku Bristol sanakondwe naye, ndipo pofika 1780 mpando uja unamuchoka. Komabe mfundo yake ili ndi mphamvu. Khamu limalakwa. Mudzi wonse ukhoza kugwirizana kuti gogo wakutiwakuti ndi mfiti, athamangitsidwe. Msika wonse ukhoza kufuula kuti wakuba awotchedwe. Phungu wongotsatira mfuwu ndi woopsa chimodzimodzi ndi wongotsatira envulopu.

Vuto ndi lakuti kwathu kuno mawu akuti chikumbumtima ndi akuti anthu anga andituma anasanduka mabulangete ofunda pochita manyazi. Phungu akafuna kuolokera ku boma amaitanitsa msonkhano, mafumu angapo akhala kutsogolo, iye n'kunena kuti wamvera zofuna za anthu ake, akufuna kugwira ntchito ndi boma la lero kuti chitukuko chibwere. Ine ndili ndi muyeso umodzi wosavuta. Chikumbumtima chimenechi chinayamba chamutsogolerapo kumbali kumene kulibe ndalama? Chinayamba chamutayitsapo kanthu? Ngati nthawi zonse chimaloza kumene kukuphikidwa, chimenecho ndi mimba, tisachipatse dzina lina.

Ife a ku Lizulu sitifunika kupita ku Bristol kuti tidziwe mtengo wa mawu akuti ayi. Mu 1953 Inkosi Gomani II, a Philip Gomani, ali pano pomwe, anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nauza anthu awo kuti asamvere ena mwa malamulo a atsamunda. Anali wodwala kale. Boma linawachotsa paufumu, anathawira tsidya la Mozambique, anabwezedwa, namwalira chaka chotsatira. Sanali phungu, koma ankaimira anthu, ndipo zimene timawakumbukira nazo lero si ng'ombe zimene anagawa. Ndi kukana kuja, ndi zimene anataya chifukwa cha kukanako.

Tibwerere kwa a Mpasu. Mu 2008 khothi linawapeza olakwa pa mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwika pa nkhani yogula makope a ana asukulu ku kampani ya ku Britain yotchedwa Fieldyork, zomwe zinachitika mu 1994 ali nduna ya zamaphunziro. Anagamulidwa zaka 6, natuluka mu 2010. Owakonda ankati ndi ndale, poti mlandu unagona zaka zoposa khumi n'kudzadzuka iwo ali mneneri wa UDF, akulimbana ndi boma la Bingu. Ena ankati mlandu suola. Mwina zonse ziwiri n'zoona, chifukwa m'dziko muno mlandu weniweni umatha kudikira mpaka mwini wake atakhala mbali yolakwika. Anamwalira mu Febuluwale 2018.

Chimene chimandigwira mtima ndi kusiyana kwa ndende ziwirizi. Mu 1975 panalibe mlandu wolembedwa, panalibe loya, panalibe tsiku lotuluka. Mu 2008 panali mlandu wotchulidwa dzina, khothi lotseguka kwa atolankhani, loya, mwayi wa apilo, ndi chilango chokhala ndi malire. Munthu ndi yemweyo, dziko ndi lomwelo. Chinasintha ndi malamulo, ndipo malamulowo anadutsa m'manja mwa aphungu, iwo eni ali m'gulumo. A Muwalo anagwa m'dzenje la malamulo amene boma lawo linakumba. A Mpasu, pa tsiku lawo loipa, anatetezedwa ndi malamulo amene m'badwo wawo unamenyera, ngakhale malamulo omwewo ndi amene anawatsekera. Phungu aliyense akanamakumbukira anthu awiri a ku Ntcheu amenewa asanayankhe inde kapena ayi. Lamulo limene akuvomereza lero adzakhala pansi pake mawa, galimoto ya boma italandidwa, foni itasiya kulira, mdani wake ali pampando.

Ndiye yankho langa ndi ili. Mpando ndi wathu, tinangomubwereka. Chikumbumtima ndi chake, ndipo tisamulande, chifukwa tsiku ngati la pa 4 Julayi 2002 likadzabweranso tidzachifuna. Chipani ndi galimoto imene anakwera, chili ndi ufulu womukumbutsa malonjezo amene chinapereka kwa ife, koma si mwini wake. Ndipo ngongole yaikulu imene phungu ali nayo kwa ife ndi kufotokoza. Abwere poyera anene kuti pa bilu yakuti ndinavota motere, chifukwa chake ndi ichi, ngati simukugwirizana nazo mundichotse. Munthu wobwereka njinga ya mnzake saibweza ndi maswiti m'manja. Amanena kumene anapita nayo.

Kumbali yathu, sindikunena kuti tisiye kuimba foni pakagwa zovuta. Umphawi suthetsedwa ndi nkhani ya pa intaneti ngati ino. Ndikungopempha kuti pa mafunso athu tiwonjezerepo ena. Zokambirana za m'Nyumba zimaulutsidwa pa wailesi ndi pa kanema, ndipo zonse zimalembedwa m'buku lotchedwa Hansard. Ife achinyamata amene tili ndi mafoni ndi Chingerezi, m'malo mongotukwanizana pa Facebook za zipani, tingathe kumatsatira zimenezi n'kumauza makolo athu m'Chichewa. Olemekezeka akadzabwera kudzatsegulira mjigo, tiombe m'manja, madzi ndi moyo. Kenako wina aimirire mwaulemu afunse kuti, bwana, chaka chino mwalankhula kangati m'Nyumba? Muli mu komiti iti, ndipo mwapezamo chiyani? Pa bajeti ya mankhwala munati chiyani? Nanga bilu yobwezeretsa gawo 64 itabwera mawa, inuyo mudzati inde kapena ayi?

Funso lomalizali ndi limene ndingakonde kumva yankho lake kuchokera kwa aliyense wa aphungu 229 amene tili nawo tsopano, kuyambira ndi a kwathu kuno ku Ntcheu. Amene angayankhe kuti inde, podziwa kuti chingwecho chikhoza kudzakoka iye yemwe, ameneyo wadziwa kale kuti mpando ndi wa yani.